Kudandaula za mavuto a mumzinda pa intaneti: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya malamulo

Munthu wokhala mumzinda amadalira zinthu zambiri zimene sangathe kudzichitira yekha. Madzi amabwera ndi mapaipi a bungwe lina, magetsi ali m'manja mwa lina, zinyalala amachotsa ndi a khonsolo, nyumba ili ndi mwini wake, ndipo ulendo wa kuntchito umadalira dalaivala amene sakumudziwa n'komwe. Chimodzi mwa zimenezi chikasokonekera, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo masiku ano chitseko chapafupi ndi foni imene ili m'thumba. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza malire a pakati pa kudandaula koyenera ndi mawu amene angafikitse munthu kubwalo la milandu kapena m'chitokosi.

Kodi ndili ndi ufulu wodzudzula khonsolo, bungwe la madzi kapena boma pa intaneti?

Ufuluwo muli nawo. Pangano la mayiko la International Covenant on Civil and Political Rights, limene linavomerezedwa mu 1966, limanena m'ndime 19 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wofufuza, kulandira ndi kufalitsa nkhani ndi maganizo, ndipo pangano la mayiko a mu Africa la mu 1981 limanenanso zofanana nazo m'ndime 9. Mu 2012 bungwe la United Nations loona za ufulu wa anthu linatsimikiza kuti ufulu umene munthu ali nawo pamsewu uyenera kutetezedwanso pa intaneti. Ndime 19 yomweyo imalola boma kuika malire, koma malirewo ayenera kulembedwa m'lamulo momveka bwino, akhale oteteza chinthu chenicheni monga mbiri ya munthu wina, chitetezo cha dziko, bata kapena thanzi la anthu, ndiponso akhale ofunikiradi pa cholingacho.

Pali chigamulo china chimene anthu a m'mizinda ayenera kuchidziwa. Mu 1993 bwalo lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti khonsolo ya Derbyshire siingasumire nyuzipepala chifukwa choiipitsira mbiri, popeza bungwe losankhidwa ndi anthu liyenera kudzudzulidwa momasuka. Mabwalo a mayiko ena amene malamulo awo anachokera ku England amatchula chigamulochi akakumana ndi nkhani yofanana nayo. Komabe meya, khansala kapena mkulu wa ofesi angathe kusuma m'dzina lake ngati mawu anu akumuloza iyeyo, choncho kunena kuti khonsolo yalephera kukonza ngalande n'kosiyana kwambiri ndi kunena kuti khansala wakutiwakuti anadya ndalama za ngalandeyo.

Kodi kuipitsa mbiri ya munthu n'kutani kwenikweni?

M'malamulo a mayiko ambiri, mlanduwu umakhalapo pamene mwafalitsa kwa munthu wina, ngakhale mmodzi yekha, mawu onena za munthu amene angazindikiridwe, ndipo mawuwo n'ngomutsitsa pamaso pa anthu oganiza bwino. Kusatchula dzina sikupulumutsa ngati owerenga angadziwe amene mukunena. Mukalemba za mwini nyumba yobiriwira ya pafupi ndi siteji ya basi, anthu onse a m'deralo amudziwa kale, ndipo bwalo lidzaona ngati mwamutchula.

Mawu ozungulira nawonso sateteza. Mu 2013 bwalo la ku London linapeza Sally Bercow, mkazi wa sipikala wa nyumba ya malamulo pa nthawiyo, wolakwa chifukwa cha kafunso kamodzi kamene analemba pa Twitter ponena za wandale Lord McAlpine, popeza anthu amene ankatsatira nkhani za masiku amenewo akanamva kafunsoko ngati chinenezo cha mlandu woopsa. Woweruza amafunsa chimene wowerenga wamba anamva, ndipo zimene wolemba akuti ankatanthauza mumtima mwake zimabwera pambuyo.

Chimene chimadzidzimutsa anthu ambiri n'chakuti m'mayiko otsatira malamulo ochokera ku England, wosumayo sakakamizidwa kusonyeza kuti mwanama. Inuyo ndi amene muyenera kusonyeza kuti munanena zoona, ndipo muyenera kutero ndi umboni umene bwalo lingalandire. Zimene aliyense m'dera akudziwa, koma palibe amene angaime kuzichitira umboni, m'bwalo zilibe mphamvu. Ku United States zinthu n'zosiyana: kuyambira pa chigamulo cha mu 1964 pa mlandu umene mkulu wina wa mzinda wa Montgomery anasumira nyuzipepala ya New York Times, munthu waudindo m'boma ayenera kusonyeza kuti wolembayo ankadziwa kuti akunama kapena sanasamale n'komwe ngati zinali zoona. Chitetezo chachikulu chotere sichipezeka m'mayiko ambiri, ndipo si bwino kutengera zimene mukuona anthu a ku America akulemba n'kuganiza kuti inunso lamulo likuphimbani chimodzimodzi.

Ngati zimene ndalemba n'zoona, pali chimene ndingaope?

Choonadi ndicho chishango cholimba kuposa zonse, koma sichikwanira paliponse. Ku South Africa munthu ayenera kusonyeza kuti mawu ake ndi oona komanso kuti kuwafalitsa kunali kopindulitsa anthu. Ku South Korea ndi ku Japan munthu angathe kuzengedwa mlandu ngakhale atanena zoona, pokhapokha atasonyeza kuti anachita zimenezo pofuna ubwino wa anthu onse. Palinso zoona zimene malamulo ena amaziteteza, monga matenda a munthu, dzina la mwana amene wachitiridwa nkhanza, kapena zithunzi za m'chipinda. Kuulula kuti mnansi wanu akumwa mankhwala a matenda enaake kungakhale koona ndithu, koma kumaswa chinsinsi chake, ndipo palibe phindu lililonse limene mzinda umapeza pamenepo.

Kusiyanitsa zimene mwaona ndi zimene mukuganiza n'kumene kumapulumutsa anthu ambiri. Mukanena kuti madzi sanatuluke kwa masiku asanu ndi anayi koma bilu yabwera yokwera, mwanena chinthu chimene chingatsimikizidwe. Mukanena kuti m'maganizo anu bungwelo likugwira ntchito mosasamala, mwapereka ndemanga yochokera pa mfundo zimene mwazitchula, ndipo malamulo ambiri amateteza ndemanga yoona mtima yotere. Koma mukanena kuti mkulu wa bungwelo ndi mbava, mwamuneneza mlandu, ndipo tsiku lina mudzafunsidwa kuti anaba chiyani, liti, ndipo anaona ndani.

Kodi munthu angamangidwe chifukwa cha zolemba, kapena zimathera pa chipepeso?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti wodandaula amasuma yekha n'kupempha chipepeso kapena lamulo loti zolembazo zichotsedwe. Yachiwiri ndi yakuti boma limatenga nkhaniyo ngati mlandu waupandu, apolisi n'kumanga munthu, ndipo chilango chingakhale chindapusa kapena ndende.

Njira yachiwiriyi yakhala ikutsutsidwa kwambiri. Mu 2011 komiti ya United Nations yoona za pangano la mu 1966 lija inanena kuti ndende si chilango choyenera pa mlandu woipitsa mbiri. Mu December 2014 bwalo la Africa loona za ufulu wa anthu, limene lili ku Arusha, linagamula kuti dziko la Burkina Faso linalakwa potsekera m'ndende mtolankhani Lohé Issa Konaté kwa miyezi 12 chifukwa cha nkhani zimene analemba zokhudza woimira boma pa milandu. Dziko la Ghana linachotsa mlanduwu m'malamulo ake mu 2001, Sierra Leone mu 2020, ndipo mabwalo anauthetsa ku Zimbabwe mu 2014, ku Kenya mu 2017, ku Lesotho mu 2018, ndi ku Malawi mu July 2025, pamene bwalo linagamula kuti ndime 200 ya Penal Code ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko.

Ndikanakonda kuti nkhani ithere pamenepa, koma pamene khomo limodzi linkatsekedwa lina linali litatseguka kale. Pa zaka zomwezo mayiko ambiri anakhazikitsa malamulo a milandu ya pa kompyuta: Uganda mu 2011, Tanzania ndi Nigeria mu 2015, Malawi mu 2016, Kenya mu 2018, Zambia mu 2021. Malamulowa ali ndi ntchito yabwino yolimbana ndi akuba ndalama pa foni, olowerera makompyuta a eni ake ndi ofalitsa zithunzi zolaula za ana. Koma ambiri mwa iwo ali ndi ndime zolembedwa motakata, zoletsa uthenga wokhumudwitsa, wosokoneza mtendere wa munthu kapena wabodza, ndipo mawu oterewa amatha kukwana chilichonse chimene munthu wamphamvu sakufuna kumva. Ku Uganda bwalo linathetsa ndime 25 ya lamulo lawo mu January 2023 chifukwa sinkafotokoza bwino chimene ikuletsa, pamene ndime 87 ya lamulo la Malawi la Electronic Transactions and Cyber Security Act ili ndi mawu ofanana kwambiri ndi a ndime ya ku Uganda ija.

Ngati lamulo linathetsedwa kapena mlandu ndi wofooka, n'chifukwa chiyani anthu amamangidwabe?

Funso limeneli ndi limene limandivutitsa kwambiri pa nkhani yonseyi. Mu November 2012 mzinda wa Mumbai unaima chilili pa maliro a mtsogoleri wandale Bal Thackeray, masitolo anatsekedwa ndipo mayendedwe anavuta. Mtsikana wina wa ku Palghar, tauni ya pafupi ndi Mumbai, analemba pa Facebook kufunsa chifukwa chake mzinda wonse uyenera kutsekedwa, mnzake anadina like, ndipo onse awiri anamangidwa. Mlanduwo unathetsedwa pambuyo pake, ndipo mu March 2015 bwalo lalikulu la India linafafaniza ndime 66A ya lamulo lawo la za makompyuta ndi intaneti, imene apolisi ankagwiritsa ntchito pa nkhani zoterezi. Koma zaka zingapo zitadutsa, bwalo lomwelo linauzidwa kuti anthu akuzengedwabe milandu pansi pa ndime yakufayo, ndipo linachita kulamulanso kuti zimenezi zileke.

Kwa munthu wamba, chilango chenicheni nthawi zambiri si chigamulo cha woweruza. Ndi masiku awiri kapena atatu a m'chitokosi, foni yolandidwa imene muli ntchito yake yonse, ndalama za loya, maulendo a kukhoti amene mlandu umangoimitsidwa, ndiponso abwana amene safuna wantchito wotchuka ndi milandu. Mnyamata wina wa ku England amene mu January 2010 analemba nthabwala yoopseza bwalo la ndege la ku Doncaster litatsekedwa chifukwa cha chipale chofewa anapezeka wolakwa, anachotsedwa ntchito, ndipo anayeretsedwa mu July 2012, patatha zaka ziwiri ndi theka. Anapambana mlandu, koma zaka zimenezo palibe anamubwezera. Amene amamangitsa anzawo pa nkhani zopanda mutu amadziwa bwino zimenezi, ndipo cholinga chawo chimakhala chakuti oonerera aope. Ichi n'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti ndime zotakata zija ziyenera kuchotsedwa m'malamulo, chifukwa kudalira kuti woweruza adzamasula munthu pamapeto sikuteteza amene wagona kale pasimenti.

Ine sindinalembe, ndinangotumiza kwa ena zimene ndinalandira. Kodi ndili ndi mlandu?

Mungakhale nawo. Lamulo lakale kwambiri pa nkhaniyi limati wobwereza mawu oipitsa mbiri amawafalitsa mwatsopano, ndipo kuyamba ndi mawu akuti "akuti" kapena "ndangolandira" sikuchotsa udindo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo uthenga umene wadutsa m'mafoni khumi umafika utasiyana ndi zimene zinachitika. Mu 2020 bwalo lalikulu la Switzerland linagamula kuti kudina like kapena share kungakhale kuipitsa mbiri ngati kwachititsa kuti ena aone zolembazo. Ku Pretoria mu 2013 bwalo linalamula banja lina kulipira R40,000 chifukwa cha zimene mkazi analemba pa Facebook, ndipo mwamunayo anagwa nawo m'mlandu ngakhale sanalembe chilichonse, chifukwa dzina lake linalumikizidwa ku zolembazo ndipo iye anadziwa koma sanalichotse.

Nanga gulu lathu la WhatsApp la anthu a m'dera, si malo achinsinsi?

Kuyambira mu 2016 mauthenga a WhatsApp amayenda atabisidwa kotero kuti kampaniyo siingawawerenge ali m'njira. Koma chitetezo chimenechi chimathera pa foni ya wolandira. M'gulu la anthu mazana awiri, aliyense angathe kujambula screenshot n'kuipereka kwa munthu amene mukumunena, ndipo milandu yambiri yotere imayamba chonchi, kudzera mwa mnansi amene munali naye m'gulu limodzi. Pamaso pa lamulo, kulemba m'gulu ndi kufalitsa basi, ngakhale kuchepa kwa owerenga kungachepetse chipepeso.

Za woyang'anira gulu, mabwalo sanagwirizane chimodzi. Bwalo la Bombay mu 2021 linati adimini sangazengedwe mlandu pa zimene membala walemba ngati panalibe kupangana. Koma chaka chomwecho bwalo lalikulu la Australia linati makampani a nkhani ndi ofalitsa ndemanga zimene anthu amalemba pa masamba awo a Facebook, ndipo mu 2023 bwalo la ku Europe loona za ufulu wa anthu linavomereza chilango chimene wandale wina wa ku France analandira chifukwa chosachotsa msanga ndemanga zachidani pa tsamba lake. Chimene chimaoneka m'zigamulo zambiri n'chakuti ngozi imakula pamene mwauzidwa za uthenga woipa, muli ndi mphamvu yochotsa, koma mwausiya.

Tagwira wakuba m'dera lathu. Kodi n'kulakwa kufalitsa chithunzi chake kuti ena achenjere?

Ndikumvetsa mkwiyo wa anthu amene abedwa kangapo ndipo apolisi sakufika msanga. Komabe apa ndi pamene mawu a pa foni amasanduka magazi mofulumira kwambiri. Ku India m'zaka za 2017 ndi 2018 anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa cha mauthenga a WhatsApp onena za akuba ana, mpaka kampaniyo inachepetsa chiwerengero cha malo amene uthenga umodzi ungatumizidwe nthawi imodzi kufika pa asanu, poyamba ku India mu July 2018, kenako padziko lonse mu January 2019. Munthu amene mwamujambula sanaweruzidwe. Ngati mwalakwitsa nkhope, mwaipitsa mbiri ya wosalakwa, ndipo akavulazidwa, uthenga wanu udzawerengedwa m'bwalo ngati chimene chinasonkhezera chiwawacho. Ngakhale atakhala wakubadi, chithunzi chofalitsidwa chingafooketse umboni wa mboni zimene zidzafunsidwe kumuzindikira. Chithunzicho chiperekeni kwa apolisi, ndipo pochenjeza anansi fotokozani zimene zachitika, malo ndi nthawi, popanda kuika nkhope ndi dzina la munthu.

Kodi ndingajambule zimene zikuchitika pamsewu, kuphatikizapo wapolisi amene akulandira chiphuphu?

M'mayiko ambiri kujambula malo a anthu onse n'kololedwa, kupatula malo otetezedwa monga a asilikali, mbali zina za mabwalo a ndege ndi m'kati mwa khoti. Kujambula ndi kufalitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa malamulo oteteza zinsinsi za anthu, monga la mayiko a European Union limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi la Kenya la mu 2019, amaona nkhope ndi nambala ya galimoto ngati zinthu zozindikiritsa munthu. Ku United Arab Emirates kufalitsa chithunzi cha munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu waupandu. Ovulala pa ngozi, omwalira ndi ana asafalitsidwe, ngakhale kumene lamulo silinena kanthu, chifukwa palibe kholo loyenera kumva za imfa ya mwana wake kudzera pa kanema wa m'gulu.

Kanema wa chiphuphu ndi umboni wamtengo wapatali, ndipo mphamvu yake imakhalapo ngati sanadulidwe, ngati tsiku ndi malo zikudziwika, komanso ngati wafika kwa amene angachitepo kanthu, monga bungwe lolimbana ndi katangale, ofesi yolandira madandaulo okhudza apolisi, kapena mtolankhani wodziwa ntchito. Sungani kanema woyambirira pamalo ena osati pafoni pokha. Ngati nanunso munapereka ndalamazo, lankhulani ndi loya musanafalitse, popeza malamulo ambiri amalanga wopereka ndi wolandira yemwe.

Kodi ndingalembe za sitolo, chipatala chaeni kapena mwini nyumba amene wandichitira zoipa?

Mungalembe, ndipo ndemanga zoterezi zimathandiza anthu ena. Koma dziwani kuti makampani ali ndi ndalama za maloya. Mu 2020 mlendo wina wa ku America anagona m'chitokosi ku Thailand chifukwa cha ndemanga zimene analemba pa TripAdvisor, tsamba la ndemanga za apaulendo, zokhudza hotela ya pa chilumba cha Koh Chang, ndipo nkhaniyo inatha iye atapepesa. Mu 2023 mayi wina wa ku Lagos anamangidwa atalemba pa Facebook kudandaula za chinthu chimene anagula. Milandu yosumira munthu pongofuna kumutopetsa ndi kumutseka pakamwa yachuluka kotero kuti bwalo la malamulo aakulu la South Africa linavomereza mu 2022 kuti wosumiridwa angadziteteze ponena kuti mlanduwo ndi wongoopseza, ndipo European Union inakhazikitsa lamulo lolimbana ndi milandu yotere mu 2024.

Lembani zimene zinakuchitikirani inuyo, mwa ndondomeko yake: tsiku limene munalipira, zimene munalonjezedwa, zimene munalandira, ndi yankho limene munapatsidwa mutadandaula. Sungani malisiti, pangano la lendi ndi mauthenga. Pewani mawu onena za mtima wa munthu kapena za zinthu zimene simunaone, monga kuti amabera aliyense kapena kuti mankhwala awo akupha anthu.

Kodi kuitanira anthu ku zionetsero pa intaneti ndi mlandu?

Kusonkhana mwamtendere ndi ufulu, ngakhale mayiko ambiri amafuna kuti akuluakulu a mzinda kapena apolisi adziwitsidwe pasadakhale. Malire ali pa kulimbikitsa chiwawa kapena chidani pa mtundu, chipembedzo kapena dziko la anthu ena. Pa zipolowe za ku England mu August 2011, anyamata awiri analamulidwa kukhala m'ndende zaka zinayi aliyense chifukwa choitanira anthu ku chipolowe pa Facebook, ngakhale kuti m'matauni awowo chipolowecho sichinachitike. M'mizinda momwe anthu a mitundu yosiyana amalimbirana nyumba, malo a malonda ndi ntchito, mawu oloza gulu lonse la anthu obwera ngati gwero la mavuto ndi amene amayatsa moto msanga.

Ndikagwiritsa ntchito dzina lopeka, ndani angandipeze?

Dzina lopeka limakubisani kwa owerenga wamba okha. M'mayiko ambiri nambala ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso, makampani a mafoni amasunga mbiri ya malo ndi nthawi, ndipo mabwalo angalamule kampani kuulula mwini akaunti. Kawirikawiri munthu amadziulula yekha ndi kalembedwe kake, ndi chithunzi chojambulidwa pawindo la nyumba yake, kapena ndi nkhani imene anthu atatu okha a mu ofesi ankaidziwa. Pali anthu amene ali ndi zifukwa zomveka zobisira dzina, makamaka oulula katangale, koma iwowa amatetezeka bwino akadzera kwa loya kapena mtolankhani kusiyana ndi kutsegula akaunti yabodza pa foni yawo yomwe.

Kodi abwana angandichotse ntchito chifukwa cha zimene ndalemba ndili kunyumba?

Zimachitika, ndipo mabwalo a zantchito amavomereza ngati zolembazo zaononga mbiri ya kampani, zaulula zinsinsi kapena zanyoza anzanu a pantchito, malinga ngati njira yoyenera yomvera mbali yanu inatsatidwa. Ogwira ntchito m'boma amakhala ndi malamulo owonjezera a chinsinsi. Malamulo oteteza oulula zoipa, monga la Britain la mu 1998 ndi la South Africa la mu 2000, amateteza kwambiri munthu amene wayamba wakanena kwa abwana kapena ku bungwe loyenera, ndipo kuthamangira pa Facebook kumatetezedwa pa zifukwa zochepa zokha.

Ndimakhala kunja kwa dziko langa. Ndi malamulo ati amene amandikhudza?

Angakukhudzeni onse awiri. Mu 2002 bwalo lalikulu la Australia linagamula kuti nkhani ya pa intaneti imafalitsidwa kumene yawerengedwa, kotero kampani ya ku America inayenera kuyankha mlandu m'chigawo cha Victoria cha ku Australia komweko. Ngozi imakula pamene mwabwerera kwanu kapena mwapita kukacheza. Mayi wina wa ku Saudi Arabia amene ankaphunzira ku Leeds, ku England, anamangidwa ali kwawo pa tchuthi, ndipo mu 2022 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 34 chifukwa cha zimene analemba ndi kugawana pa Twitter, chilango chimene chinadzachepetsedwa pambuyo pake. Ku Thailand kunyoza mfumu kuli ndi chilango cha zaka 3 mpaka 15 pa mlandu uliwonse. Wogwira ntchito m'dziko la eni alinso ndi chiphaso chokhalira chimene chingalandidwe mosavuta.

Ndalandira kalata ya loya kapena apolisi andiitana. Ndichite chiyani?

Musayankhe pa intaneti, ndipo musaike kalatayo pa tsamba lanu ndi mawu onyoza, chifukwa zimenezo zimakulitsa chipepeso. Jambulani zolemba zanu monga zinalili pamodzi ndi umboni wonse, kenako funsani loya ngati n'koyenera kuzichotsa. Kuchotsa kumachepetsa kufalikira, koma kufafaniza zinthu pamene mukudziwa kuti apolisi akufufuza kungaoneke ngati kuononga umboni. Ngati mwaona kuti munalakwitsa, kukonza ndi kupepesa msanga pamalo omwe munalembapo kumathetsa milandu yambiri isanafike kukhoti. Musadalire kuti zolemba zakale zinaiwalika: ku England wodandaula ali ndi chaka chimodzi choti asume, ku South Africa zaka zitatu, ndipo pa milandu ikuluikulu yaupandu mlandu suwola.

Popita kupolisi uzani achibale kumene mukupita, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi loya. Funsani mlandu umene mukuganiziridwa ndi ndime ya lamulo. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo musasaine chikalata chimene simunawerenge kapena chimene chili m'chinenero chimene simukuchimva bwino. Malamulo aakulu a Malawi ndi a South Africa amafuna kuti womangidwa aonekere kubwalo pasanathe maola 48, ndipo a Kenya amati maola 24. Za foni, funsani ngati ali ndi chikalata cha bwalo chowalola kufufuza m'kati mwake. Ku United States bwalo lalikulu linagamula mu 2014 kuti chikalatacho n'chofunika, pamene ku Britain kukana kupereka nambala yachinsinsi mutalamulidwa mwa njira ya lamulo ndi mlandu pawokha. Amene alibe ndalama za loya afunse ku ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, ku bungwe la maloya, kapena ku mabungwe oteteza ufulu wa anthu ndi wa atolankhani.

Poona zonsezi, kodi si bwino kungokhala chete?

Sindikuvomereza zimenezo. Ngalande yotsekeka imene palibe akuinena imadzasefukira m'nyumba za anthu, ndipo chipatala chopanda mankhwala chimene aliyense akuopa kuchitchula chimapitiriza kubweza odwala. Mwa milandu yonse imene yatchulidwa pano, yowerengeka yokha ndi imene inayamba ndi munthu wofotokoza modekha zimene waona, ndipo imeneyo ndi imene inachititsa manyazi omangawo mpaka malamulo ena kusinthidwa.

Pali zida zimene zimalimbitsa wodandaula. Malamulo opatsa anthu ufulu wopempha zikalata za boma alipo ku South Africa kuyambira mu 2000, ku Nigeria mu 2011, ku Kenya mu 2016, ku Malawi kumene linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndi ku Zambia kumene linasainidwa mu 2023. Ndi malamulo amenewa mungapemphe bajeti ya msewu wa m'dera lanu, dzina la kampani imene inapatsidwa ntchitoyo, ndalama zimene zinalipidwa ndi tsiku limene ntchito inayenera kutha. Mukaika chikalata chotere pambali pa chithunzi cha msewu wokumbika, n'kufunsa khonsolo kuti ifotokoze kusiyanako, simunaneneze munthu aliyense, koma funsolo ndi lovuta kulithawa. Yambani mwalembera ofesi yoyenera ndi kusunga kope la kalatayo, kuti polemba pa intaneti muthe kunena tsiku limene munadandaula ndi masiku amene apita popanda yankho. Ndipo ngati vutolo likukhudza dera lonse, lembani monga komiti ya anthu okhala m'deralo, ndi mayina ambiri pansi pa kalata imodzi, aliyense atawerenga ndi kuvomereza mawu ake onse isanatumizidwe.